Kalasi ya Chifalansa ya pa Kasungu boma: aphunzitsi ndi akatundu koma pepala lawo lija musalidalire

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp, ena mpaka kumandipeza kushopu ndili bize kuyeza feteleza, ati ankolo paja mwana wa alongo anu uja ankaphunzira Chifalansa pompano pa boma, zinatha bwanji, nafe titumizeko athu? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi nde ndangoti ndilembe kamodzi wofuna awerenge yekha. Dzina la sukuluyo sinditchula, eni Kasungu mukuidziwa kale, ndi ija ya chipinda chimodzi ndi kaofesi kakang'ono ngati bafa, pakhomo pali chikwangwani chojambula ndege ikunyamuka.

Mwanayu ndi wa mlongo wanga wamkulu, ndiye mukudziwa kwathu kuno nkhani ya sukulu ya mwana wotere imagwera ine tsibweni wake, bambo ake amangothandizira. Anali atamaliza chaka chachiwiri ku yunivesite ina ya boma pomwe mayi ake anadwala kwambiri, nde anakapempha kuti amusungire malo chaka chimodzi azidikirira matenda. Mulungu ndi wabwino mayi ake anachira msanga kuposa mmene timaganizira, mwana nkutsala ndi miyezi yambirimbiri akungokhala pakhomo ku Chankhanga, kusesa, kuphika, foni, kugona, mawa chimodzimodzi. Tsiku lina akutulukira kushopu ndi chithunzi cha chikwangwani chija pafoni, ati atsibweni taonani izi. Chinalembedwa m'Chingerezi koma mfundo zake zinali zitatu, kuti m'miyezi 6 ufika levulo ya B2, ija yoti ukhoza kuphunzira nayo pa yunivesite m'Chifalansa, kuti satifiketi yawo ndi yovomerezeka kunja, komanso kuti ukamaliza umapeza makirediti 12 oti yunivesite iliyonse ilandira. Iye kusukulu kwawo anamvako za mapulogalamu aja oti mwana amapita semesita imodzi ku Ulaya nkubwerera kudzamaliza digiri kuno, komanso maso ake anali pa masters ku France kapena ku Belgium, penanso ankatchula Morocco poti kumeneko za sayansi ndi zaudokotala m'mayunivesite a boma amaphunzitsa m'Chifalansa.

Apa ndiulule uchitsiru wanga kaye ndisanayambe kuloza ena chala. Ine mawu oti kirediti ndimawadziwa a MSCE basi, 1 ndi 2 distinction, 3 mpaka 6 kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 uja sitimutchula pagulu. Nde nditaona 12 mumtima ndinangoti eee, ife tinatuluka thukuta kusaka sikisi kuti tione ngati tingalowe ku Chanco, awa akupereka 12 m'miyezi sikisi, koma dziko lapita patsogolo kkkk. Sindinafunse aliyense. Ndalama ya fodya inali itangolowa kumene kuchokera ku Chinkhoma, mthumba mukutentha, ndinapita nkulipiliratu miyezi yonse, K40,000 pa mwezi kuphatikiza K15,000 ya fomu yolembetsera. Lisiti anandipatsa ya m'kabuku kaja timagula ku stationery, yopanda chidindo, ndipo ine munthu wa bizinesi woti kasitomala akandipatsa lisiti yotere ndimaitembenuza kawiri, tsiku limenelo ndinangopinda nkuika mthumba.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndipo sizochepa. Aphunzitsi ake, ana onse amangowatchula kuti a Mesye, ndi bambo wachikulire wochokera ku Congo koma anakhalitsa kuno, anakwatira konkuno, Chichewa amayankhula chothyakuka bwino kungoti mawu ena amawakoka mwa kwawo. Bambo ameneyu ndi mphunzitsi weniweni, osati aja amangolemba manotsi pabolodi nkukhala pampando kumasewera ndi foni. Ndikunena zomwe ndinaona ndi maso chifukwa Loweruka lina ndinapita kuti ndikangosuzumira komwe ndalama yanga ikupita, anandikhazika pabenchi kumbuyo, mapeto ake ndinapitako ma Loweruka asanu ndi limodzi mwana wa kushopu akundisaka pafoni.

Chomwe chinandigwira ndi mmene amalowera mu Chifalansa kudzera pa Chichewa chathu chomwechi. Ana ankadandaula kuti chilankhulo chanji choti tebulo ndi lalikazi, buku ndi lalimuna, le ndi la, tiziloweza bwanji zimenezi. Iwo anaseka nkunena kuti inu a Malawi musandinamize, inu mumati munthu wamkulu, mtengo waukulu, chingwe chachikulu, nyumba yaikulu, dengu lalikulu, kamwana kakang'ono, magulu a mayina mbwee ndipo palibe mwana wa zaka zinayi amalakwitsa, lero mukulira ndi magulu awiri okha? Kalasi yonse phwete, ndipo kuchokera tsiku limenelo nkhani ya le ndi la inasiya kuopsa. Za tu ndi vous anangoti ndi iwe ndi inu, apongozi ako sungawanene kuti iwe, basi nkhani yatha mu miniti imodzi pomwe a ku England amati amavutika nazo chifukwa kwawo aliyense ndi you, kaya ndi mfumu kaya ndi galu.

Pomwe tinavutika tonse ndi pa l ndi r. Ife paja zilembo ziwirizi timangozisakaniza, wina alemba Lilongwe wina atchula ngati muli r, palibe amafa. Ku Chifalansa lire ndi kuwerenga, rire ndi kuseka, nde tsiku lina anandiimika kuti ankolo tanenani kuti ndikuwerenga buku, ine molimba mtima nkunena zoti ndikuseka, ana anagwa nazo mpaka wina kutuluka panja. A Mesye sanandiseke, anabwera pafupi nkundionetsa kuti r wawo amachokera kukhosi ngati ukufuna kuchotsa minga ya usipa yakukola, l ndi wa kunsonga ya lilime. Anatipangitsa zimenezo mphindi makumi awiri, anthu odutsa panja kaya ankaganiza kuti mkatimo tikudwala chifuwa tonse. Ndiye pali manambala. Ine ndimakonda masamu a ndalama nde apa ndinatchera khutu, ati ku France 70 amati 60 ndi 10, 80 amati ma 20 anayi, 99 amati ma 20 anayi ndi 10 ndi 9, quatre-vingt-dix-neuf, ndinati anthu amenewa pamsika amagulitsana bwanji tomato. Iwo anati kwawo ku Congo ngati ku Belgium amangoti septante pa 70, nonante pa 90, zachidule, koma anawauza ana mosabisa kuti pamayeso mudzamva za ku France nde muzolowere zovutazo. Chilungamo chotere ndi chomwe ndinawakondera bamboyu. Homuweki amachonga ndi cholembera chofiira tsamba lililonse, mwana akajomba masiku awiri amaimba foni kwa kholo, ndipo nthawi yoyamba kalasi ikati 2 koloko ndi 2 koloko.

Tsono zofooka za m'kalasi momwemo. Chipinda ndi choti anthu 15 akwana bwino koma masiku ena amakhalamo pafupifupi 30, mwezi wa October denga la malata lopanda siling'i, munthu umatuluka ngati wachokera m'chigafa. Oyamba kumene ndi oti aphunzira kale miyezi inayi amawaphatikiza kalasi imodzi chifukwa ofesi imalandira aliyense wobwera ndi ndalama tsiku lina lililonse, nde a Mesye amachita kugawa bolodi pakati, uku alphabet uku past tense, munthu mmodzi. Mabuku ndi mafotokope a fotokope, zithunzi zinada bii moti funso likati mukuona chani pachithunzipa mwana amangoyankha mwa chikhulupiriro. Koma chachikulu ndi zomvetsera. Pali kasipika kamodzi kotchaja, magetsi akazima kuyambira mmawa kamakhala kafa, ndiye gawo lomvetsera limangodumphidwa kapena a Mesye amawerenga okha ndi pakamwa, pang'onopang'ono, momveka bwino ngati akuwerenga kalata ya Paulo kutchalitchi. Zokoma kumva koma munthu wa ku Paris sayankhula choncho, amameza theka la mawu. Izi zinadzatipweteka kutsogolo, ndifikako. Chimbudzi ndi cha eni mashopu onse a pamenepo, kiyi amasunga ndi mayi wina wogulitsa zitenje, akapita kumaliro mwauponda.

Nkhani ya B2 m'miyezi 6 ija ndinadzaiwerengera mochedwa, pa kauntala ndi kakyuleta yanga ya feteleza. Malevulo amenewa si a sukulu iyi ayi, ndi muyezo wa ku Ulaya wotchedwa CEFR womwe Council of Europe inatulutsa mu 2001, uli ndi masitepe sikisi, A1, A2, B1, B2, C1, C2. A1 ndi moni ndi kugula buledi, B2 ndi woti ukhoza kukhala mu lecture nkumva, kutsutsana ndi munthu pa mfundo, kulemba nkhani yomveka mutu ndi mchira. Amene amaphunzitsa Chifalansa amawerengera kuti munthu woyambira pa ziro amafuna maola a m'kalasi cha m'ma 500 mpaka 600 kuti afike B2. Pano amaphunzira katatu pa sabata, maola awiriawiri, ndiye kuti 6 pa sabata, miyezi 6 ndi masabata 26, chulukitsani nokha, 156. Osachotserapo masiku a maliro, a mvula, a tchuthi. Maola amenewo ndi a A2, ndipo a Mesye nditawafunsa pambali sanazungulire, anati ankolo ine chikwangwani chija sindinalembe ndine, ine ndimaphunzitsa, B2 m'miyezi sikisi ndi munthu woti akugona ndi kudzuka pakati pa eni chilankhulo. Wathuyu mwayi wake anaphunzirako Chifalansa fomu 1 ndi 2 asanachisiye, komanso usiku ankamvera wailesi ya ku France ya RFI pafoni bandulo ikakhalapo, nde anawapitirira anzake.

Bomba linaphulika mwezi wachisanu. Mwana anati ayambe kufunsiratu, analemba maimelo ku mayunivesite atatu akunja kufotokoza kuti akumaliza kosi yakuti, adzakhala ndi satifiketi ndi makirediti 12, kodi azitumiza bwanji. Awiri anayankha, mwaulemu ndithu koma yankho limodzi, ati umboni wa chilankhulo womwe timalandira ndi mayeso ovomerezeka a Chifalansa otchedwa DELF kapena DALF kapena TCF, pepala la sukulu yapadera ayi. Za makirediti anati iwo amawerengera ochokera ku sukulu ya ukachenjede yovomerezeka m'dziko lake, olembedwa pa transcript. Anafunsanso ku yunivesite yake konkuno ngati kosiyi ingalowe pa digiri yake, anamuuza zomwezo. Anabwera kushopu maso ali psuu, ati atsibweni ndalama zanu zija zapita. Ine mutu unaima kaye, kenako ndinati khala pansi, tiye tiwerenge bwinobwino tione chomwe tagula.

Usiku umenewo ndi mawa lake tinakhala pafoni mpaka maso kuwawa, ndipo zomwe ndinamvetsa ndi izi, ndizifotokoza mwa ulimi poti ndi zomwe ndimadziwa. Fodya giledi saika ndi mlimi. Ukhoza kulemba pa belo lako ndi choko kuti nambala wani, koma ukafika ku okushoni amene aone tsamba nkunena giledi ndi ena, ndipo belo lopanda nambala ya laisensi silowa nkomwe pageti. Kirediti ya ku yunivesite ndi chimodzimodzi, si maliki okhoza bwino ngati ya MSCE ija, ndi muyezo wa ntchito yomwe mwana wagwira pa phunziro. Ku Ulaya amagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa ECTS, chaka chathunthu ndi makirediti 60, semesita 30, ndipo kirediti imodzi imaimira maola 25 mpaka 30 a ntchito, kuphatikiza kalasi ndi kuwerenga pawekha. Ndiye ngakhale titati tiwakhululukire zina zonse, makirediti 12 ndi maola osachepera 300, pomwe ife a m'kalasi tapeza 156 aja. Koma nkhani si masamu okha, nkhani ndi yoti wopereka kirediti ndi ndani. Kuno kwathu lamulo la 2011 ndi lomwe linakhazikitsa National Council for Higher Education, NCHE, ndipo ndi bungwe limeneli lomwe limalembetsa ndi kuvomereza masukulu a ukachenjede ndi maphunziro awo, mndandanda wake amautulutsa poyera. Chipinda cha tuition kuseri kwa mashopu sichili m'gulu limenelo ndipo sichikuyenera kukhalamo, si mlandu kuphunzitsa chilankhulo, mlandu ndi kulonjeza chinthu choti ulibe mphamvu yopereka.

Ngakhale pakati pa mayunivesite enieni zinthu sizimangoyenda zokha. Mayiko a ku Ulaya ali ndi pangano lawo la ku Lisbon la 1997 loti maphunziro a dziko lina azilandiridwa kupatula ngati pali kusiyana kwakukulu, Africa nayo ili ndi lake la ku Addis Ababa la 2014, koma onsewa amakamba za masukulu ovomerezeka, ndipo wogamula kuti phunziro ili tiliwerengera kapena ayi amakhalabe yunivesite yolandirayo. Nchifukwa chake m'mapulogalamu osinthana ophunzira ngati Erasmus mwana asananyamuke pamasainidwa chikalata chotchedwa learning agreement, asaina mwana, isaina sukulu yake, isaina sukulu yomwe akupitayo, kulemberatu kuti akaphunzira chakuti ndi chakuti ndipo akabwera zidzalowa m'malo mwa chakuti. Ngati kosi ya chilankhulo yomwe akaphunzire kunjako sinalembedwe mmenemo, akhoza kubwera akuyankhula ngati mbadwa koma pa digiri yake osaonekapo kanthu. Ku France nakonso kuli lamulo la 1994 lotchedwa Toubon lomwe limati chilankhulo chophunzitsira ndi cholembera mayeso ndi Chifalansa, mu 2013 analifewetsa ndi lamulo lina la Fioraso kulola makosi ena m'Chingerezi, nchifukwa chake lero ma masters a Chingerezi aliko, koma ambiri makamaka digiri yoyamba ndi Chifalansa ndipo kawirikawiri amafuna B2 ya pepala lenileni.

Zinandikumbutsa nkhani ya Kamuzu, mwana wa konkuno. Bambo uja anamaliza zaudokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, dokotala wathunthu, koma kuti agwire ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain anayenera kukalowanso m'kalasi ku Edinburgh mpaka kupeza mapepala a kumeneko mu 1941. Nzeru anali nazo kale, chomwe chinkasowa ndi chidindo choti eni dera akuchidziwa. Ndiye ngati zinamuchitikira munthu amene anadzatsegula Academy pa Mtunthama mu 1981 nkumaphunzitsa ana Chilatini ndi Chigiriki, kuli bwanji kapepala kosindikiza pa internet cafe.

Ndinapita ku ofesi Lolemba mmawa. Mwini wake ndi mnyamata wa zaka za m'ma 30, wovala bwino, wodziwa kuyankhula, ndipo ndisaname sanandinyoze, anandipatsa mpando nkumanditchula kuti bambo nthawi yonse. Ndinati achimwene, makirediti 12 awa amalandira ndi yunivesite iti, nditchulireni imodzi yokha ndiimbire. Anayamba zoti tili mkati mokambirana ndi ma partner athu akunja, zinthu zikuyenda, mwezi wamawa tisainirana. Ndinati pomwe munkalemba chikwangwani munali mutasaina? Chete. Kenako akuti bambo mawu oti kirediti ife timatanthauza mayunitsi a kosi yathu, module iliyonse ndi makirediti awiri. Ndinati ndiye bwanji munalemba kuti yunivesite iliyonse ilandira, akuti amene anajambula chikwangwani anawonjezera yekha. Wojambula zikwangwani wa pa Kasungu adziwe yekha za makirediti a ku yunivesite, abale. Ndinaseka ngakhale mtima unali ukuwawa. Ndalama sanabweze, ati mwana waphunzira ndipo izo nzoona waphunziradi, sindikanatha kutsutsa. Pomwe ndinakanitsitsa ndi pa K35,000 ina yomwe amatchaja kumapeto ati ya satifiketi ndi graduation, ndinati imeneyo sindipereka, pepala lanulo khalani nalo. Mwana mwini wake kumbali anakapereka ndalama yake ya m'thumba chifukwa anzake onse amavala gauni nkujambulitsa, nanga ndikanatani, ndi mtsikana, zithunzi zinatuluka bwino. Pepalalo ndi lokongola zedi, golide m'mbali, mbendera ziwiri, chikomekome cha nkuyu.

Amene anatipulumutsa ndi a Mesye omwewo. Atamva anamuitana mwana nkumuuza kuti iwe usalire, chilankhulo chili m'mutu mwako palibe angakulande, chatsala nkukachiyezetsa kwa eni sikelo. Anatifotokozera kuti DELF ndi dipuloma yoperekedwa ndi unduna wa zamaphunziro wa ku France, imalembedwa pa malo ovomerezeka okha omwe mndandanda wake uli pa webusaiti ya France Éducation international, ndipo ukakhoza ndi yako moyo wonse, siyitha ntchito ngati TCF kapena IELTS ya Chingerezi ija zomwe zimafa pakatha zaka ziwiri. Mayeso ali ndi zigawo zinayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba, kuyankhula, chilichonse malikisi 25, ukhoze umafunika 50 pa 100 koma chigawo chilichonse usatsike pansi pa 5, ukapeza 4 pa chimodzi wagwa ngakhale zinazo utakhoza zonse. Anamulangiza kuti asayerekeze B2, ataya ndalama, alembe B1 kaye. Masabata asanu omaliza ankamuphunzitsa mwapadera madzulo pakhonde pa nyumba yawo osatchaja kanthu, ine ndinachita manyazi nkuwatumizira thumba la chimanga ndi nkhuku, anakana kawiri kachitatu nkulandira.

Mayeso enieniwo ndi ndalama inanso, kulembetsa, thiransipoti, malo ogona, chakudya, ndipo zinthu zonse zokhudza kunja zinakwera mutu chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, nde muziwerengeratu zimenezi musanayambe, ku ofesi kuja sakuuzani. Zotsatira zinabwera, wakhoza B1 ndi 61. Kuyankhula 19, kuwerenga 18, kulemba 16, kumvetsera 8. Mwaiona 8 ameneyo? Ndi kasipika kaja. Akuti atayatsa zomvetsera m'holo anangomva ngati anthu akukangana m'chipinda china, mawu oyamba kuwagwira anthu ali kale pa funso lachitatu. Malikisi anayi okha kutsika apo bwenzi zonse zitapita m'madzi. Pomwe pa kuyankhula akuti omuyesa anamufunsa kuti waphunzira kuti, atanena kuti ku Kasungu anachita kufunsanso kawiri.

Ndiye mukandifunsa kuti titumize ana athu, yankho langa lili pawiri ndipo sindisintha. Ngati mukufuna mwana adziwe Chifalansa, kaya mukufuna inuyo, kaya ndinu a bizinesi mumakumana ndi anzathu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, pitani mawa lomwe, K40,000 pa mphunzitsi ngati uja ndi yotchipa, ku Lilongwe simungaipeze. Kwa a Mesye ndikupereka nyenyezi zonse zisanu ndipo ikanakhalapo yachisanu ndi chimodzi ndikanawonjezera. Ofesi ndikuipatsa imodzi, ya mpando anandipatsa uja. Muzilipira mwezi ndi mwezi osati kamodzi ngati ine, lisiti ikhale ya chidindo, ya satifiketi ija musapereke pokhapokha ngati mwana akufuna chithunzi cha gauni, ndipo mugulireni mwana ma earphone ndi bandulo azimvera eni chilankhulo tsiku ndi tsiku chifukwa m'kalasimo sazipeza. Koma ngati cholinga ndi kunja, yambani ndi imelo musanatulutse tambala, mwana alembere yunivesite yomwe akuifunayo afunse kuti mumalandira mayeso ati, levulo iti, ndipo ngati ndi zopita semesita imodzi afunsenso kusukulu kwake kuno kuti zomwe ndikaphunzire mudzaziwerengera, yankho likhale lolemba osati la pakamwa pa munthu wa mu corridor. Komanso chilankhulo ndi khomo loyamba chabe, ku France kuyambira 2019 ophunzira ochokera kunja kwa European Union anawaikira fizi ya 2,770 euros pa chaka digiri yoyamba ndi 3,770 pa masters m'mayunivesite a boma, ndipo yakhala ikukwerako pang'ono, ena amakhululukiridwa koma osadalira, nde popanda sikolashipu fodya wake achite kukhala wa esiteti. Enanso a fomu 4 amene mukuganiza kuti MSCE ndi B2 basi mwakwera ndege, funsani kaye, mayunivesite ambiri a ku Ulaya MSCE amaiona ngati O-level, amafuna china pamwamba pake.

Wathu uja anabwerera kusukulu, ali chaka chachitatu, B2 akuti adzalemba akamaliza digiri, pakadali pano amanditumizira ma voice note a Chifalansa oti ine ndimangomvapo bonjour ndi tonton, akuti tonton ndiye ankolo. Ine Loweruka ndimapitabe ndikapeza mpata, ndili pa benchi yanga yomweija kumbuyo, r uja akundivutabe koma manambala ndafika pa 100, moti dzana kasitomala wina wa ku Burundi anadabwa nditamuuza mtengo wa mbewu m'chilankhulo chimenecho, anagula mapaketi awiri m'malo mwa imodzi.

Chikwangwani chija anachikonza sabata yomwe ndinapita ku ofesi ija, mzere wa makirediti anaupaka penti yoyera. Kungoti penti yake inali ya madzi, mvula yoyamba itagwa 12 uja wayambanso kuoneka, ndipo dzulo ndadutsapo ndapeza mayi wina ali ndi mwana wake wa yunifolomu ataima pomwepo akuwerenga.